Sitima Yaima pa Doko: Mmene Mungayendere Panokha Popanda Galimoto

Sitima zikuluzikulu zonyamula alendo okaona malo sizikhalitsa pa doko. Kawirikawiri zimakocheza m'mawa cha m'ma 7 kapena 8 koloko n'kunyamukanso cha m'ma 5 kapena 6 madzulo. Papepala amaoneka ngati maola 10, koma chotsanipo nthawi yodikira kuti akuluakulu a pa doko alole anthu kutsika, nthawi yotuluka m'doko, ndi nthawi yobwerera, mupeza kuti mwatsala ndi maola 6 kapena 7 okha. Kampani ya sitima imagulitsa maulendo ake a pa basi okhala ndi munthu wokuperekezani, ndipo mtengo wake umakhala wokwera. Chimene mumagula kwenikweni pa ndalama imeneyo n'chimodzi: basi ya kampani ikachedwa, sitima imadikira, apo ayi kampaniyo imaona njira yokufikitsani ku doko lotsatira. Munthu amene watsika yekha sitima simudikira. Pa chifukwa chimenechi, dongosolo la tsikuli silimayambira pa funso lakuti mukaona chiyani. Limayambira pa nthawi yobwerera.

Yambani ndi nthawi yobwerera

Pali nthawi ziwiri zimene anthu amasokoneza. Ina ndi yonyamuka sitima. Ina ndi imene aliyense ayenera kukhala atalowa kale, imene pa chikwangwani cha pa khomo lotsikira amalemba kuti all aboard. Yanu ndi yachiwiriyi. Nthawi zambiri imakhala mphindi 30 sitima isananyamuke, chifukwa antchito amafunika kuona pa kompyuta ngati makhadi a anthu onse alowa, kuchotsa mlatho wokwerera, ndi kumasula zingwe. Sitima yonyamuka 5 koloko ndiye kuti pofika 4:30 mukhale muli m'kati.

Tengani nthawi imeneyo, muyambe kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati mzinda uli pafupi moti mukuyenda wapansi, konzani zofika pa geti la doko kutatsala ola limodzi. Ngati mwapita kutali pa sitima ya pamtunda kapena pa basi, onjezerani likhale ola ndi theka kapena maola awiri. Musadalire sitima ya pamtunda yomaliza imene ingakufikitseni pa nthawi yake. Sankhani imene ili ndi ziwiri zina pambuyo pake, kuti ina ikalephereka mukhale ndi pogwira. Mukatsika m'mawa, jambulani chikwangwani chija pa foni, chifukwa nthawi imene inalembedwa pa pulogalamu ya ulendo miyezi yapitayo ikhoza kusintha usiku umodzi chifukwa cha mphepo kapena kuchuluka kwa sitima pa doko.

Palinso nkhani ya wotchi, ndipo imeneyi yasiyitsa anthu ambiri sitima kuposa mmene mungaganizire. Sitima ili ndi nthawi yake, ndipo si nthawi zonse pamene imafanana ndi ya kumtunda. Sitima yochokera ku Italy kupita ku Greece imalowa m'dziko limene lili patsogolo ndi ola limodzi. Ku Cozumel, m'dziko la Mexico, nthawi siisintha chaka chonse, pamene ku Florida amakankhira wotchi patsogolo kuyambira March mpaka November, ndipo sitima zina zochokera ku Florida zimasunga nthawi ya kwawo. Foni yanu ikangogwira netiweki ya kumtunda imadzisintha yokha. Imakuuzani kuti ndi 3:30 pamene m'sitima yakwana kale 4:30. Funsani pa khomo lotsikira kuti, "Kodi nthawi ya sitima ikufanana ndi ya kumtunda?" Kenako valani wotchi ya pamkono yoikidwa pa nthawi ya sitima, kapena zimitsani pa foni pamene pamachititsa kuti izisintha nthawi yokha. Ikaninso alamu ya nthawi yoyamba kubwerera, osati ya nthawi yofika.

Dziwani pamene sitima ikakocheze

Dzina lolembedwa pa pulogalamu ya ulendo limapusitsa. Akalemba Rome, sitima imaima ku Civitavecchia, mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Akalemba Florence ndi ku Livorno. Paris ndi ku Le Havre, maola oposa awiri pa sitima ya pamtunda, ndipo Berlin ndi ku Warnemünde, pafupifupi maola atatu ulendo umodzi. Ku Venice, kuyambira mu August 2021 sitima zazikulu siziloledwa kudutsa m'ngalande ya Giudecca, motero zambiri zimaima ku doko la mafakitale la Marghera kapena m'madoko ena akutali.

Madoko ena ndi ofewa kwambiri. Ku Naples mumangotsika n'kupezeka pafupi ndi Castel Nuovo, m'kati mwa mzinda. Ku Valletta, likulu la Malta, mumayenda pang'ono m'mbali mwa madzi n'kukwera chikepe cha Barrakka, chotalika mamita 58, chimene chimakutulutsirani pamwamba pa mzinda. Ku Kotor, m'dziko la Montenegro, sitima ikapeza malo pa doko, chipata cha mzinda wakale chili kutsidya kwa msewu. M'madoko otere kulipira ulendo wa kampani n'kungotaya ndalama.

Pakati pake pali madoko amene mzinda uli pa mtunda wa makilomita ochepa koma wosayendeka bwino wapansi. Ku Dubrovnik sitima zambiri zimaima ku Gruž, makilomita atatu kuchokera ku mzinda wakale, ndipo mabasi a nambala 1A ndi 1B amakakutulani pa chipata cha Pile. Ku Barcelona sitima zazikulu zimaima ku Moll Adossat, ndipo pali basi ya pa doko yolipira imene imakafika pafupi ndi chipilala cha Columbus, kumunsi kwa msewu wa La Rambla. Ku Piraeus, doko la mzinda wa Athens, mumayenda mphindi 20 mpaka 30 kuti mufike pa siteshoni ya metro, sitima zoyenda m'kati mwa mzinda, ndipo kuchokera pamenepo sitima ya mzere woyamba imakufikitsani ku Monastiraki, m'munsi mwa Acropolis, pa mphindi zosapitirira 20.

Musakhutire ndi dzina la doko lokha. Funsani dzina kapena nambala ya malo enieni okochezera. Ku Cozumel alipo atatu: Punta Langosta, imene ili m'tauni, ndi International komanso Puerta Maya, zimene zili kum'mwera. Ku St Thomas, chilumba cha ku Caribbean, kuli Havensight ndi Crown Bay, mbali ziwiri zosiyana za tauni. Kuuza woyendetsa takisi kuti "ku sitima" pamene sitima zisanu zaima m'malo atatu ndi kudziputira mavuto. Madoko ambiri amaika pa intaneti ndandanda ya sitima zimene zikubwera tsiku lililonse. Ioneni, chifukwa ikuuzaninso kuchuluka kwa anthu amene mukalimbirane nawo mabasi. Sitima zinayi zonyamula anthu 3,000 iliyonse zikaima pa kachilumba kamodzi, mzere wa mphindi 10 umasanduka wa ola lathunthu.

Pamene sitima siifika kumtunda

M'malo ena madzi ndi osaya kapena mulibe doko lalikulu. Sitima imaponya nangula pakati pa madzi, ndipo anthu amapita kumtunda pa maboti ang'onoang'ono otchedwa tender. Ndi mmene zimakhalira ku Santorini, ku Cannes, ku Villefranche, ku George Town pa chilumba cha Grand Cayman, ndi ku Belize City. Nthawi zambiri maboti ake amakhala omwe aja opulumutsira anthu, ndipo limodzi limanyamula anthu 100 kapena kuposerapo pang'ono. Mukawerenga anthu 3,000, muona nokha kuti kutsitsa onse kumatenga maola.

Oyamba kukwera amakhala amene agula maulendo a kampani. Otsalanu mumakatenga matikiti a nambala pamalo amene alengeza, ndipo mumadikira kuti nambala yanu iitanidwe. Werengani nyuzipepala ya m'sitima imene amakupatsani usiku, kapena pulogalamu ya pa foni, kuti mudziwe nthawi ndi malo ogawira matikitiwa, ndipo mulawirire. Amene akufuna kuyenda limodzi atenge nambala imodzi. Musasungitse malo alionse kumtunda a nthawi yosapitirira maola awiri kuchokera pamene sitima yafika, chifukwa simudziwa kuti mutsika nthawi yanji. Nyanja ikawinduka, kaputeni akhoza kuimitsa maboti kwa kanthawi kapena kulidumpha dokolo. Choncho chilichonse cholipiriratu chikhale chobwezedwa ndalama ngati sitima sinafike.

Pobwerera, nthawi yoti muisunge ndi ya boti lomaliza, ndipo imafulumira kuposa ya pa doko wamba. Santorini, chilumba cha ku Greece, ndi chitsanzo chabwino cha mmene zinthu zimathinira. Tauni ya Fira ili pamwamba pa phiri, pamene maboti amaima m'munsi. Njira zotsikira ndi chikepe cha pa chingwe, chimene chimanyamula anthu ochepa pa ulendo umodzi, kapena masitepe pafupifupi 600 oterera, amene mumadutsanso abulu. Masana anthu onse akaganiza zobwerera nthawi imodzi, mzere wa chikepe umatha kupitirira ola. Yambani kutsika kutatsala maola awiri, kapena valani nsapato zoti mukhoza kutsika nazo masitepewo.

Kusankha zoti muone

Sankhani chinthu chimodzi chachikulu, ndi ziwiri zing'onozing'ono zimene mukhoza kuzisiya osadandaula. Anthu amene amalemba malo asanu ndi awiri amathera tsiku m'misewu akuyang'ana wotchi. Yambani ndi malo akutali kwambiri m'mawa, kenako muzibwerera pang'onopang'ono cha ku sitima, kuti maola omaliza akupezeni pa mtunda woyendeka wapansi. Basi ikafa 10 koloko m'mawa ndi nkhani yoseketsa. Ikafa 3 koloko masana muli kutali, nkhani yake ndi ina.

Onani tsiku la sabata limene sitima ifike. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale ku Italy, kuphatikizapo Uffizi ya ku Florence, zimatseka Lolemba. Louvre ya ku Paris imatseka Lachiwiri. Za ku Vatican zimatseka Lamlungu kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi, ndipo msika waukulu wa Grand Bazaar ku Istanbul nawo sutsegula Lamlungu. Lamlungu ndi masiku a tchuthi mabasi amachepa. M'matauni ang'onoang'ono a ku Spain, Italy ndi Greece masitolo ambiri amatseka masana kwa maola angapo, ndiye zogula muzigule m'mawa.

Malo otchuka kwambiri masiku ano amafuna tikiti ya nthawi yoikika yogulidwiratu pa intaneti. Ndi mmene zilili ku Sagrada Família ku Barcelona, ku Colosseum ku Rome, ndi ku Acropolis, kumene kuyambira mu 2023 anaika malire a anthu 20,000 pa tsiku. Gulani pa tsamba la eni malowo, osati kwa ogulitsa apakati amene amaonjezera mtengo. Sankhani nthawi ya pakati pa 10:30 ndi 12 koloko. Ya m'mamawa kwambiri mukhoza kuiphonya, ya madzulo ikuthinitsani pobwerera. M'matchalitchi monga St Peter's ndi m'mizikiti amabweza munthu amene mapewa kapena mawondo ali pamtunda, choncho kansalu kopepuka m'chikwama kamathandiza.

Tinene mosabisa: si doko lililonse limene ndi loyenera kuliyendera panokha. Kuchoka ku Warnemünde kupita ku Berlin ndi kubwerera ndi maola asanu ndi limodzi mutakhala pa mpando. Ngati mtima uli pa Berlin basi, gulani ulendo wa kampani kuti chiopsezo chikhale chawo. Apo ayi, mzinda wa Rostock uli pa mtunda wa mphindi 20 zokha pa sitima imene siteshoni yake ili pafupi ndi doko. Chimodzimodzi ku Livorno, Pisa ili pafupi kwambiri kuposa Florence.

Usiku woti mawa mutsika

Koperani mapu a mzindawo mu foni pamene muli ndi intaneti. Dziwani kuti mapu a Google Maps osungidwa mu foni amakuonetsani pamene muli ndi misewu, koma popanda intaneti sapereka njira za wapansi kapena za mabasi. Pulogalamu monga Organic Maps imalondolera woyenda pansi ngakhale opanda netiweki. Ikani chizindikiro pa malo okochezera sitima, pa geti la doko, pa siteshoni, ndi pa malo amene mukupita. Jambulani ndandanda ya nthawi za mabasi ndi sitima zobwerera kuti ikhale m'zithunzi.

Foni ikhale pa airplane mode nthawi yonse muli pa nyanja, chifukwa netiweki ya m'sitima imadzera pa setilaiti ndipo imadya ndalama moopsa, ngakhale mapulogalamu akungodzikonza okha m'thumba. Muiyatse mutatsika. Ngati mukufuna intaneti kumtunda, gulani eSIM (SIM khadi yongolowetsedwa mu foni kudzera pa intaneti) ya dera lonse la ulendo musananyamuke, ndipo onani ngati mayiko onse alimo. Montenegro ndi Turkey, mwachitsanzo, si mamembala a European Union, ndipo mabandulo ambiri a ku Ulaya sawaphatikiza.

Mu nyuzipepala ya m'sitima muli dzina ndi nambala ya foni ya port agent, munthu kapena kampani imene imaimira sitimayo pa doko limenelo. Jambulani, ndiponso lembani pa kapepala n'kuika m'thumba, popeza batire imatha. Ndi nambala yofunika kuposa ina iliyonse tsiku limenelo.

M'chikwama chaching'ono muikemo khadi la m'sitima, limene amalipima potuluka ndi polowa, chiphaso chokhala ndi chithunzi, khadi la kubanki limodzi, ndalama za dzikolo zochepa za mapepala ang'onoang'ono ndi zachitsulo, botolo la madzi, chipewa, pawabanki, ndi mankhwala anu a masiku awiri kapena atatu, osati a tsiku limodzi. Khadi lina la kubanki litsale mu sefa ya m'chipinda. Za pasipoti tsatirani zimene sitima yalengeza: m'mayiko ena lamulo limafuna kuti muyende nayo, m'maulendo ena sitima imasunga mapasipoti a anthu onse. Ngati yatsala, isiyeni mu sefa momwemo, chifukwa ndi mmene antchito amayang'ana munthu akasiyidwa, ndipo nyamulani fotokope yake. Nkhani ya visa imadalira pasipoti imene muli nayo, ndipo muithetse musanagule n'komwe ulendo. Ulendo wotuluka ndi kulowanso m'dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito visa imodzi, umafuna visa yolowera kangapo kwa amene amafunika visa.

Musatsike ndi zipatso, nyama kapena masangweji a m'sitima. Ku Australia, New Zealand, Chile ndi United States malamulo oteteza mbewu ndi ziweto ndi okhwima, pa geti pamakhala agalu onunkhiza, ndipo apulo mmodzi akhoza kukulipiritsani chindapusa.

Kutuluka m'doko

M'madoko ambiri a katundu saloleza munthu kuyenda wapansi pakati pa makontena ndi magalimoto akuluakulu. Amapereka basi yaulere yokafika pa geti. Musaisokoneze ndi basi yolipira ya kampani ya sitima yokafika m'tauni. Funsani kuti ndi iti, ikukakutulani pati, ndipo yomaliza yobwerera inyamuka nthawi yanji. Mukatsika, tembenukani mujambule malowo ndi dzina la msewu, chifukwa madzulo mutatopa ngodya zonse zimafanana.

Pa geti mupeza chipwirikiti cha matakisi ndi anthu otsatsa maulendo. Dutsani mwaulemu, yendani mphindi zisanu, phokoso litha ndipo mitengo itsika. Pafupi ndi madoko ambiri pamakhala ofesi ya boma yothandiza alendo, kumene amapereka mapu a pepala aulere ndipo amadziwa ngati kuli sitiraka kapena msewu wotsekedwa tsiku limenelo. Mphindi zitatu pamenepo sizipita pachabe.

Powerengera ulendo wapansi, munthu amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola pa msewu wabwino, koma m'mzinda wachilendo, poima kujambula ndi kuyang'ana mapu, werengerani atatu. Mapu saonetsa chitunda. Ku Lisbon, ku Funchal kapena ku Genoa, mamita 800 akhoza kukhala masitepe okhaokha. Linga la pamwamba pa Kotor lili ndi masitepe pafupifupi 1,350 opanda mthunzi, ndiye ngati mukukwera, kwerani dzuwa lisanakule.

Basi, thiramu ndi sitima ya pamtunda

Cholakwika chofala kwambiri si kukwera basi yolakwika, koma tikiti yosadinda. M'mizinda yambiri ya ku Ulaya kugula tikiti sikokwanira. Muyenera kuilowetsa m'kamakina kamene kamadindapo tsiku ndi nthawi. M'basi ndi m'thiramu kamakinaka kamakhala m'kati, pamene pa sitima za m'madera ku Italy kamakhala pa siteshoni, musanakwere. Woyendera matikiti akakupezani ndi yosadinda amakulipiritsani pomwepo, ndipo zoti ndinu mlendo sazimva. Ku Italy matikiti a basi amagulidwanso m'masitolo a fodya okhala ndi chikwangwani cha chilembo T ndi m'malo ogulitsira nyuzipepala. Gulani awiri nthawi imodzi, wopitira ndi wobwerera, kuti madzulo musakafunefune sitolo yotsegula. Kumene amalola kugunditsa khadi la kubanki pa makina, munthu aliyense akhale ndi khadi lake, ndipo potuluka mugunditse lomwelo limene munalowera. Ngati mukwera kangapo, onani ngati tikiti ya tsiku lonse ikutchipa.

Tiyeni tione ulendo wa ku Rome kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popeza ndi umene anthu ambiri amauyesa. Tinene kuti sitima yafika 7 koloko ndipo onse akhale atalowa pofika 6:30 madzulo. Basi ya pa doko ikutulutsani, ndipo kuchokera pamenepo siteshoni ya Civitavecchia ili pa mtunda woti mukhoza kuyenda wapansi kapena kukwera basi ya m'tauni. Werengerani mphindi 45 kuchoka m'chipinda chanu kufika pa pulatifomu. Sitima ya m'madera imatenga ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Ngati mukupita ku Vatican, tsikirani pa siteshoni ya Roma San Pietro, osadikira siteshoni yaikulu ya Termini. Ngati ndi ku Colosseum, tsikirani pa Roma Ostiense mukwere metro ya mzere B. Pobwerera werengani chonchi: 6:30 kuchotsapo ola ndi theka lodzitetezera ndi 5:00. Kuchotsapo mphindi 45 za pakati pa siteshoni ndi sitima ndi 4:15. Kuchotsapo ola ndi mphindi 20 za ulendo, ndiye kuti mukwere cha m'ma 2:55. Ngati mukukwerera pa Termini, dziwani kuti sitima za ku Civitavecchia zimakonda kunyamukira ku mapulatifomu akumapeto, a nambala 25 mpaka 29, amene ali pa mtunda wa mphindi 10 kuchokera pa khomo lalikulu. Choncho m'Rome muli ndi nthawi yochokera cha m'ma 9:30 mpaka 2:30. Ndi yokwanira Vatican kapena Colosseum ndi kuyenda pang'ono pakati pa mzinda, osati zonse ziwiri mokhazikika.

Onaninso ngati kuli sitiraka. Ku Italy imalengezedwa pasadakhale, ndipo pa masiku a ntchito sitima za m'madera zimene zimatsimikizidwa kuyenda ndi za pakati pa 6 ndi 9 koloko m'mawa ndi pakati pa 6 ndi 9 koloko madzulo. Mukhoza kupita bwinobwino m'mawa, koma ya 3 koloko imene mukuidalira osapezeka. Tsiku lotero khalani pafupi ndi doko.

Pa chikwangwani cha pa siteshoni amalemba dzina la kumene sitima ikukathera, osati la kumene inu mukutsikira, choncho tsatirani nambala ya sitima ndi nthawi yake. Pa basi, mbali ya msewu imene mwaima ndiyo imanena kumene mukulowera. Muonetseni dalaivala dzina la malo pa foni musanakhale pansi, ndipo tsegulani mapu muone ngati kadontho kakuyenda molunjika kumene mukufuna. M'metro modzaza, monga mu Barcelona, Rome, Naples ndi Athens, chikwama chikhale kutsogolo, ndipo foni isakhale m'thumba lakumbuyo. Opisa m'matumba amakonda nthawi yokankhana pa chitseko.

Takisi, mabasi a alendo ndi maboti a kumtunda

Takisi ndiyo chida chanu chopulumukira, choncho sungani ndalama yake padera, musaigwiritse ntchito pa china chilichonse. Kwerani pa malo ovomerezeka oimikira. Kumene kuli mita, onetsetsani kuti yayatsidwa. Kumene kulibe, monga pa zilumba zambiri za ku Caribbean, gwirizanani mtengo musanalowe, ndipo mufunse zinthu zitatu: ndi wa munthu mmodzi kapena wa galimoto yonse, ndi wa ndalama ya dziko liti, ndi wopita kokha kapena ndi kubwerera komwe. Dalaivala akati adzabwera kudzakutengani, mulipire ya kubwerera atakubweretsani. Musanapite ku gombe la kwalokha, dzifunseni kuti mukabwerako bwanji, chifukwa takisi yopita imapezeka mosavuta koma yobwerera ayi. Mapulogalamu oitanira galimoto monga Uber ndi Bolt sagwira ntchito paliponse, ndipo nthawi zambiri magalimoto ake saloledwa kulowa m'kati mwa doko.

Polipira ndi khadi, makina akakufunsani ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya kwanu kapena ya dzikolo, sankhani ya dzikolo. Njira inayo imasintha ndalama pa mtengo wokudyerani.

Mabasi osanja a alendo, aja mumatsika ndi kukweranso pamene mwafuna, ndi abwino poona mzinda mutakhala pansi, makamaka kwa amene miyendo imavuta. Koma amazungulira mbali imodzi yokha, ndipo kuzungulira konse kumatha kutenga maola awiri. Malo amene ali pafupi ndi doko kumbali inayo angafune kuti muzungulire mzinda wonse. Masana amadutsa atadzaza. Musawadalire pobwerera.

Maboti opita ku zilumba zina, monga a ku Capri ochokera ku Molo Beverello mu Naples, kapena a pakati pa Cozumel ndi Playa del Carmen, amafuna kusamala koposa sitima ya pamtunda. Mphepo ikakula amaimitsidwa, ndipo palibe takisi yowoloka nyanja. Gulani tikiti yobwerera m'mawa momwemo, ya boti loti pambuyo pake pali ena awiri.

Zikavuta

Mukaona kuti nthawi yathina, siyani zonse mukwere takisi mpaka pa geti, ndipo muli m'njira imbirani port agent. Mumuuze dzina lanu, nambala ya chipinda, pamene muli, ndi mphindi zimene zatsala kuti mufike. Kaputeni akadziwa kuti munthu ali pa geti akhoza kudikira pang'ono, koma si udindo wake, chifukwa malo a pa doko, woongolera sitima potuluka, ndi msinkhu wa madzi zonse zili ndi nthawi yake. Kumbukiraninso kuti pa geti pali kuonetsa khadi ndi kupimitsa chikwama, ndipo m'madoko ena kuchoka pa geti kufika pa sitima ndi mtunda wofuna basi.

Mukapeza sitima yapita, musachoke pa doko. Funsani alonda akuitanireni port agent. Nthawi zambiri antchito a m'sitima amakhala atatsegula sefa n'kumusiyira pasipoti yanu. Iyeyo akuthandizani kulankhula ndi sitima, kudziwa ngati mukuloledwa kukakwerera pa doko lotsatira, ndi kupeza hotelo, ndege kapena sitima ya pamtunda, koma ndalama zonse ndi zanu. Onani ngati pasipoti yanu ikukulolani kugona m'dzikolo ndi kulowa m'dziko lotsatira pa ndege, popeza chilolezo cha mlendo wa pa sitima nthawi zina chimakhala cha tsiku limenelo lokha. Ngati pasipoti yapita ndi sitima, pitani ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu. Sungani malisiti onse ndipo imbirani a inshulansi tsiku lomwelo, ngakhale kuti ambiri salipira munthu amene anangochedwa yekha popanda ngozi kapena kulephereka kwa basi kapena sitima. Pa vuto la matenda kapena ngozi, nambala ya chithandizo chamsanga m'mayiko onse a European Union ndi 112, pamene ku United States, Canada ndi Mexico ndi 911.